Nyerere za Kubafa ndi Mphoto ya Tiyanjane

Ndinali kamtsikana, mano akutsogolo atangomera kachiwiri, chaka chimene amama anga anali mkazi wonenepa kuposa onse kwathu kuno ku Ndunde. Ee, anali mkazi amama! Akamayenda, nthaka inkadziwa. Akafika pa benchi kutchalitchi, a m'mbali ankasendera okha osauzidwa. Chitenje chimodzi sichinkawazungulira, moti ababa ankagula ziwiri n'kukalumikizitsa kwa telala. Tsiku lolumikizitsalo sankatuma munthu. Ankapita okha, zitenjezo atakoleka paphewa, kuti aliyense m'njira aone.

Musawaseke ababa anga. Iwo anali mkamwini. Kwathu kuno mwamuna amasiya kwawo n'kudzamanga kwa mkazi, ndipo maso a mudzi wonse amakhala pa iye: kodi akulima, kodi akumudyetsa mwana wathu? Ababa anabwera kudzakwatira ndi kabudula mmodzi, anthu n'kumawatcha a Chimanjamanja. Zinawawawa. Anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi, ndipo atabwerako anatsegula kanyumba kogulitsiramo tiyi ku Namadzi. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse njinga yawo inkalowa pakhomo itasenza masikono, mandasi, shuga wa m'pepala ndi mkaka wa m'chitini wonata uja. Fungo lake linkatsogola, njinga pambuyo.

Shuga ankawathirira okha amama m'kapu, supuni pamwamba pa supuni.

"Basi, bambo a Feliya, wakwana."

"Imwani, mayi. Akuoneni abale anu."

Ndipo ankawaonadi. Amalume a Jemusi, achimwene awo a amama, amene anali mwini mbumba, akabwera ankawayang'ana amama kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Alamu, apa ndiye mwatisungira munthu." Ababa ankamwetulira mpaka mano a m'mbali kuonekera. Dzina la Chimanjamanja linafa.

Koma ine ndinali wotunga madzi pakhomopo. Mtsuko umene kale unkagona ndi madzi unayamba kutha dzuwa lisanapendeke. Amama ludzu, amama ludzu. Akamwa, kubafa. Akabwerako, kumwanso. Kudimba analeka kupita. Popita kutchalitchi ankapumira m'njira, ali wefuwefu, dzanja pachifuwa. Kachilonda ka pachala chakuphazi, kamene anadzibaya ndi chitsa, kanakana kupola, ndipo ankakabisa pansi pa chitenje.

M'mawa wina ndikusesa kubafa ndinaona nyerere. Zakuda bii, zambirimbiri, zitaunjikana pamwala umene amama ankakodzerapo. Pakona pamene ndinkakodza ine panalibe ngakhale imodzi. Ndinanjuta pamenepo n'kumaziyang'ana. Mawa lake zinalipo. Mkuja wake zinalipo. Zinali nyerere zomwe zija ndinkazithamangitsa m'chitini cha shuga.

Pakamwa panga panalibe chitseko masiku amenewo. Lamulungu titabwera kutchalitchi, pakhonde pali ababa, amalume ndi amayi ena akutchalitchi, tiyi ali m'makapu, ine ndinangoti:

"Amama amakodza shuga. Nyerere zimakadya kubafa."

Kapu ya amalume inaima m'malere. Mayi wina anatsamwa ndi sikono. Amama anadzuka, ndipo tsiku limenelo sanachite wefuwefu ayi. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe, anathyola mtengo wa nandolo. Thwa! Thwa!

"Ndinakubala kuti uzindivula pagulu? Za kubafa amanena pa alendo?"

Ndinalira mpaka mawu anasasa. Chamasana sindinadye.

Alendo atapita, ababa anandipeza ndikusisima pansi pa nkhokwe. Sanandikalipire. Anangoti, "Feliya, tiye ukandionetse." Ananjuta monga ndinanjutira ine, anayang'ana nthawi yaitali, ndipo podzuka nkhope yawo inali ina. Nditakula ndi pamene anandiuza chifukwa. Ku migodi anali ndi kapitawo wawo, chimunthu chachikulu, amene anayamba ndi ludzu ndi kachilonda, kenako anadulidwa mwendo, kenako anaikidwa m'manda a kuchilendo. Koma tsikulo anangondigwira pamutu nati, "Pukuta misozi. Waona bwino."

Lolemba sanapite ku Namadzi. Anawakweza amama panjinga, ulendo wa kuchipatala cha mishoni ku Nguludi, ine ndikuthamanga pambuyo ndi botolo la madzi. Njingayo inkalira ngati kamwana ka mbuzi. Pa chitunda chilichonse amama ankatsika, tonse n'kudikira kuti mpweya ubwerere. Kuchipatalako namwino wina wachikulire anayeza mkodzo, anawakweza amama pasikelo, anatsuka chilonda, kenako anawakhazika pansi onse awiri.

"Bambo, mkazi wanuyu mumamukonda?"

"Onani nokha," anatero ababa, akuloza thupi la amama.

"Ndaona. Awa ndi matenda a shuga, ndipo thupi limeneli likuwathandiza matendawo. Mankhwala ndikupatsani, koma mankhwala aakulu ali kwanu. Shuga aleke. Masikono aleke. Ufa woyera achepetse, azidya mgaiwa ndi masamba. Abwerere kudimba, aziyenda. Thupi litsike."

Amama analira njira yonse yobwerera. Sankalira matenda ayi, ankalira mgaiwa. Masiku amenewo mgaiwa unali chakudya cha akaidi ndi cha nyumba imene njala yalowamo. Mkazi wa mwini tiyi kukagayitsa chimanga chosakonola, akazi onse akuona pachigayo!

"Adzati chiyani anthu? Adzati mwasauka. Achimwene adzakuthamangitsani pamudzi pano."

Ababa anangopitiriza kukankha njinga.

Apo ndi pamene ndinalandira ntchito yanga yoyamba m'moyo. Ababa anati, "Ine ndikakhala ku Namadzi, maso anga ndiwe." Kuchigayo ndinkapita ndine, kuti amama asaone manyazi, ndipo anzanga ankandiimba m'njira kuti mwana wa tiyi wadya gaga. Ndinkathyola chisoso, bonongwe, nkhwani, khwanya, manja onse kununkha masamba. Kukacha ndinkaima pakhomo pawo.

"Amama, kudimba."

"Choka apo, kazitape wa abambo ako!"

Koma ankadzuka. Poyamba ankangofika pa mtengo wa mango n'kukhala pansi. Kenako ankafika pachitsime. Kenako tsiku lina anafika kudimba kwenikweniko, anaponda dothi lonyowa lija ndi phazi lawo, anaima phee, nati, "Tandipatsa khasulo." Chilonda chinauma. Mtsuko unayambanso kugona ndi madzi. Chitenje cholumikiza chija chinayamba kuwazungulira n'kutsalako.

Anthu nawo anayamba kunong'ona. Akuti kanyumba ka tiyi kagwa. Akuti mkamwini wapeza wina ku Namadzi womuthirira shuga. Akuti mkazi ameneyo ndiye akuwalodza amama. Ababa akamadutsa ndi njinga, moni ankachepa.

Itafika nyengo yokolola, amalume a Jemusi anabwera, ndipo sanabwerere tiyi. Linali Loweruka, ababa atangotsika panjinga, amama ali kudimba. Amalume anakana mpando wa pakhonde, anakakhala pansi pa mango pamodzi ndi akulu awiri a pamudzi. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, ndinakupatsani mlongo wanga wathunthu. Theka linalo mwapita nalo kuti?"

Ababa anafotokoza zonse za kuchipatala. Amalume anapukusa mutu.

"Chipatala chanji chochiza munthu pomuchotsa mnofu? Mgaiwa pakhomo pa mlongo wanga! Ngati zakukanikani, nenani. Njira imene munadzera ija sinamere udzu."

Mawu amenewo kwa mkamwini ndi omaliza. Akati nyamuka, umanyamuka ndi bulangete lako basi. Nyumba, ana, mitengo imene unabzala, zonse zimatsala. Ababa akanatha kudzipulumutsa pongonena kuti kuyambira mawa masikono abwerera, ndipo amalume akanawagwira chanza. Anayang'ana pansi, anavula chipewa.

"Alamu, mukandithamangitsa ndipita. Koma shuga sindidzamuthiriranso. Bola ndizikamva ndili kwathu kuti ali moyo."

Nthawi yomweyo tinamva nyimbo ikuchokera kumunsi. Amama akubwera! Chidengu cha kabichi ndi mpiru pamutu, khasu paphewa, akuimba. Kuimba ali pa chitunda chimene kale ankachikwera ngati akukwawa! Anatula dengu patsogolo pa achimwene awo, di! Anayang'ana nkhope zonse, anaona chipewa m'manja mwa ababa, nkhani anaimva popanda wowauza.

"Achimwene, mwabwera kudzandilira? Tayambani mwandilowetsera denguli m'nyumba."

Amalume anaseka, anawerama, analigwira. Linafika m'mawondo n'kubwerera pansi. Anayesanso, mitsempha ya m'khosi ili njo. Akulu awiri aja anayamba kutsokomola chifuwa chabodza.

"Ndachokera nalo kudimba osatula," anatero amama. "Chaka chatha munkanditamanda ndili chikhalire pakhonde, phazi likuola. Inu simunalione. Amene anaona ndi awa, ndi kamwana kaja ndinakakwapula ndi nandolo. Mukawachotsa awa pamudzi pano, mukumbiretu dzenje langa."

Atatero anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kuvina tchopa pomwepo, popanda ng'oma, fumbi koboo! Ine ndinatuluka kuseri kwa nkhokwe ndikuomba m'manja, akulu aja nawo anayamba kuomba. Amalume anangoti kukamwa yasa. Potsiriza anati, "Alamu, bwezerani chipewa kumutu, dzuwa likuotchani. Ndipo kodi tiyi anatha pakhomo pano?"

"Alipo. Wa shuga?"

Amalume anayang'ana mimba yawo. "Supuni imodzi."

Ndipo amama anakhala, anakhala, anakhala! Anandivinira nditakula. Anandiperekeza ku ukwati. Analera ana anga. Ababa anakalambira pamudzi pomwepo, pansi pa mitengo imene anabzala okha. Mwana wanga wamkazi atabereka Tiyanjane, amene anayamba kumusambitsa anali amama, tsitsi lili mbuu. Tiyanjane anakulira pamsana pawo, nkhani imeneyi akuimva kwa mwini wake. Atayamba nzeru ankawavutitsa ndi mafunso.

"Nanga thupi limamudwalitsa bwanji mwini wake?"

"Ukafunse kusukulu. Ife tinangomvera."

Mwanayo anakafunsadi. Anafunsa ku pulayimale, anafunsa ku sekondale, anafunsa ku yunivesite, anafunsa mpaka kutsidya kwa nyanja, kufikira anthu anayamba kumufunsa iye.

Chaka chino anandiimbira foni. "Anganga, khalani pansi." Ndinati ndakhala kale, pamene ndinali chiimire pamphero. Akuti akuluakulu a sayansi amene amafufuza za kunenepa kwambiri amasankha anthu amene ntchito yawo yapambana, n'kuwapatsa mphoto. Ndipo amutchula iye. Iye, Tiyanjane! Mdzukulu wa ine, amene ndinatuluka m'sukulu nditangodziwa kulemba dzina langa ndi tina pang'ono! Ndinaponya foni pamphasa, nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika. Kenako anatumiza kanema pa foni ya amayi ake. Ndinamuona mdzukulu wanga akukwera pansanja, atavala diresi la chitenje, anthu a mitundu yonse ataimirira, m'manja wawawa! Zimene ankalankhula m'Chingerezi sindinamve. Zimene amachita ndi masikelo ake, matepi oyezera m'chiuno ndi timabotolo ta magazi sindingazifotokoze. Chimene ndikudziwa n'chakuti amayi amene akanafa akutamandidwa, tsopano ali ndi wowauza nthawi ikadalipo. Ndinalira kuti amama ndi ababa anapita osaona, kenako ndinapukuta n'kuyamba kuvina ndekha pabwalo.

Atabwera kumudzi ndi mphoto yake, amayi a kuno anamulandira ndi nyimbo kuyambira pamsewu. Tinavina, tinavina, mawondo angawa anaiwala zaka zawo. Tili mkati movina, mayi wina wa thupi lake, mnzanga wa kukwaya, anandikokera pambali.

"Anganga ake a Tiya, mwana wanzeru chonchi, koma thupi ngati bango. Kodi kumeneko sakudya?"

Ndinaseka mpaka misozi. Kale ndikanapsa mtima. Lero ndikumvetsa kuti mayiyo sankanyoza. Ankakonda monga tinaphunzirira kukonda, ife ana a anthu amene anaiona njala ndi maso. Kwa ife, kumudzazira munthu mbale ndiko kumuuza kuti ndimakufuna, ndipo kuleka zimenezo n'kovuta kuposa kulowa pansi pa mgodi. Ababa anga analeka. Analola kuoneka wolephera pamaso pa mudzi wonse kuti mkazi wawo adzasambitse zidzukulutudzi. Chikondi chotere palibe amene amachiimbira nthungululu tsiku loyamba.

Ndinamugwira dzanja mnzangayo. Thukuta linali kamukamu, mpweya ukumuthawa, pamene anangovina nyimbo imodzi.

"Akudya, amwali, akudya bwino. Tiyeni akakuyezeni, sikelo wabwera nayo."

Anayamba wakana, akuti iye si thumba la chimanga. Koma anapita, ine ndikumuimbira pambuyo.