Dongo la a Kristina pa Chitseko cha Galimoto

A Kristina anali agogo awo a malemu amuna anga. Ine sindinawaone. Ndimawadziwira pa mtsuko umodzi wobenthuka pakamwa umene ndikusungabe, ndi pa nkhani iyi imene amuna anga ankakonda kuibwereza.

Ankaumba mbiya pamudzi wina kufupi ndi Linthipe, ndipo sanali olankhulalankhula. Mbiya zawo zinkadziwika ndi kusalala. Ankasungunula dongo m'madzi, n'kulisiya lidikhe, n'kutapa lapamwamba lokha, lofewa ngati phala la khanda.

Dzinja la 1917, nkhondo ili mkati, galimoto yakuda inatitimira m'matope pafupi ndi dimba lawo. Mwini wake anali mzungu wotenga amuna a tengatenga, onyamula katundu wa asilikali kumpoto, kumene ambiri sankabwerako. Anthu ataikankha, galimotoyo inakana kulira. Mzunguyo ndi dalaivala wake, Kenan, anapita ku Boma kukafuna chitsulo chimene chinathyoka, ndipo anaisiya m'manja mwa a Anselmo, amuna awo a Kristina.

A Anselmo anafuna kukondweretsa mlendo. Anatunga madzi, natenga mchenga ndi chitsononkho, nakwecha chitseko cha galimotoyo monga akwechera mphika. Chitauma chinali mbuu, mizere yokhayokha.

Kenan ndiye anayamba kubwerako. Anagwira m'mutu.

"Achimwene, mumayesa ndi nkhali ya mowa? Bwana afika mawa. Akaona izi, mukasenza katundu kumpoto!"

"Ndimati iwale," anatero a Anselmo chamumtima.

A Kristina anafika manja ali dongo. Anayendetsa chikhadabo pamizereyo, umodziumodzi.

"Sichikukodwa," anatero. "Ndi khungu lokha lakalika."

"Mayi, chonde musaikhudze," anatero Kenan. "Taonani kale. Banja limodzi lisaphe galimoto kawiri."

A Kristina anapita kunyumba. Anabweretsa chikho cha dongo lawo lija, nang'amba nsanza kunsalu yakale. Anayamba pakona, kupukuta mozunguliza, pang'onopang'ono, akutsukuluza ndi madzi n'kusuzumira chammbali. Pamalo ngati chikhato mizere inazilala. Kenan anagwada kuti aone bwino, ndipo atadzuka anavula chipewa n'kupita yekha kukatunga madzi.

Anapukuta mpaka dzuwa kupendeka, m'mawa mwake n'kuyambanso. Pomaliza anafewetsa phula la njuchi padzuwa, nalipaka, nalipukuta ndi nsalu youma. Chitseko chinayamba kuonetsa nkhope ya munthu.

Koma panatsala mzere umodzi, pamene munali kamwala mumchenga. Pamenepo chikhadabo chinkakodwa.

"Pukutaninso, mayi a Monika," a Anselmo anadandaulira akazi awo.

"Ndikapitiriza ndiboola. Uwu ndi wanu, bambo. Ukhala."

Mzungu anafika masana. Anazungulira galimoto, naima pachitseko, naika chala pamzerepo. A Anselmo anali atakhala pansi, maso ali kudothi.

"Minga ya ku Ntcheu ija, bwana," anatero Kenan, osaphethira. Mzunguyo anang'ung'udza, nakwera.

Galimoto inanyamuka, chikho cha dongo chimene Kenan anapempha chili kumapazi kwake. A Anselmo sanatengedwe, anakolola chimanga chawo chaka chimenecho ndi zaka zina makumi atatu. A Kristina anaumbabe mbiya mpaka maso atachita khungu, ndipo nkhaniyi sankaikamba. Kungoti akaona amuna awo atola mbale kuti atsuke, ankawalanda mwakachetechete.

"Siyani, bambo. Iyi ndikuifunabe."