Dzina Limene Che Amidu Anakaitana ku Zomba

Anthu a ku Lungwena akamakamba za Asiatu amathamangira kunena kuti anakana bambo ake. Ambiri mwa olankhulawo sanapondeko n'komwe pa Liwonde, koma pakamwa ndiye ayi ndithu. Nkhani ya mwana wa m'banja lathu imveke mmene inayendera.

Asiatu anabadwa kwa Che Amidu, msodzi wa usipa, ndi akazi awo mayi Ajira. Mutu wake unali wakuthwa kuyambira ali kamwana. Tsiku lokamulembetsa kusukulu ya mishoni, mphunzitsi anaimika cholembera nati dzina la Chisilamu lidzamutsekera njira mwanayu. Bwanji alembe Dinah? Mayi Ajira anavomera, poti ana ambiri a kwathu analowa sukulu motero. Che Amidu atamva anati, "Sukulu apite. Koma Asiatu ndi dzina la mayi anga. Ilo la m'kaundulalo silidzatuluka pakamwa panga."

Mu 1983 mtsikanayo anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba, woyamba m'mudzi monse. Kumeneko anapeza ana a anthu a m'maofesi, a masutikesi awiriawiri, oti Chingelezi amalankhula ngati anachiyamwa. Iye akatsegula pakamwa, Chiyao chinkasuzumira m'Chichewa chake. Mnzake wa m'chipinda anali Lizzie, amene bambo ake anagwirapo ntchito ya boma ku Mangochi.

"Kwanuko ndimakudziwa," anatero Lizzie tsiku loyamba. "Amuna nsomba ndi utelala, akazi ukwati basi. Iwe uyenera kuti ndiwe wa Aangilikani a kumishoni aja, eti?"

Asiatu anangogwedeza mutu movomera. Kuyambira pamenepo mwezi wa Ramadani ukafika ankanamizira m'mimba kuti asadye masana.

M'chaka chachiwiri Che Amidu anafuna kukaona ndi maso awo kumene mwana wawo akuphunzira. Anavala mkanjo wawo woyera ndi mzuli, namanga dengu la chambo chowamba, napalasa njinga mpaka pa boma. Anaonetsa khadi la chipani pokwerera basi, ulendo wa ku Zomba. Atafika anauza mlonda kuti akufuna Asiatu Amidu. Mlondayo anayendetsa chala papepala la mayina.

"Asiatu palibe, madala. Pali Dinah Amidu."

"Ameneyo sindikumudziwa. Wanga ine ndi Asiatu."

"Ndiye mudikire pamtengopo, mwina atulukira."

Anadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linapendeka. Ndipamene Asiatu anatuluka kodyera ali ndi Lizzie ndi mnyamata wina wa m'kalasi mwawo, Gilford, wanthabwala zosatha.

"Taonani, Mangochi yabwera kudzaphunzira!" anafuula Gilford. "A shehe, nsombazo n'zogulitsa?"

Che Amidu sanamumve n'komwe. Anali ataimirira kale, nkhope yonse ili mwee.

"Asiatu! Mwanangu!"

"Akuitana ndani agogowa?" anafunsa Lizzie.

Asiatu anayang'ana mabuku ali m'manja mwake. M'maganizo anaona chipinda chake, kodyera, kalasi, zaka ziwiri zotsalazo akumuloza chala.

"Kaya," anatero, napitirira.

Liwu limodzi lokhalo. Anakakhala m'kalasi, koma sanamve chilichonse. Phunziro lisanafike pakati anadzuka, nathamanga nsapato zili m'manja. Pamtengo paja panalibe munthu. Mlonda ndiye anamukodola namupatsa dengu.

"Madala aja apita kokwerera basi. Ati ndipatse Dinah Amidu."

Apo ndipo anadziwa kukula kwa chimene anachita, pakuti dzinalo linali litatuluka pakamwa pa bambo ake.

Tchuthi chitafika anawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Che Amidu anadzuka, nalowa m'nyumba, natulutsa mpando umene ankapatsa alendo a boma.

"Takulandirani, a Dinah. Mwayenda bwanji?"

Mtsikanayo anausiya mpandowo nagwada m'dothi. "Atati, ndine Asiatu."

"Asiatu ndinakamuitana ku Zomba, sanayankhe. Khalani pampando, mungadetse diresi."

Mayi Ajira anawachonderera, amalume anabwera kudzakamba nawo, koma ayi. Sikuti anamuda mwanayo. Kudoko ankadzitama kwa asodzi anzawo kuti mwana wawo akuwerenga mabuku olemera kuposa bwato. Atamaliza maphunziro, chithunzi chake anachipachika pabalaza. Koma dzina lija sanamubwezere.

Amene akufuna kuweruza aweruze, koma akumbukire kuti anali mwana wa zaka makumi awiri, yekhayekha pakati pa anthu omuseka, atanyamula dzina limene akulu tinamusenzetsa. Gilford uja mwina anaiwala nthabwala yake tsiku lomwelo.

Asiatu anakhala mphunzitsi wa sekondale, nakwatiwa, ndipo mwana wake woyamba atabadwa wamkazi anamutcha Asiatu. Anabwera naye ku Lungwena nawaikira bambo ake pamiyendo. Che Amidu anamva dzinalo, misozi ili lengelenge, nayamba kumusisita khandalo.

"Mwachita bwino, a Dinah," anatero.

Anakhala ndi moyo zaka zina zinayi. Mdzukuluyo atayamba kuyenda, nkhalambayo inkangokhalira kumuitana pabwalo, "Asiatu! Asiatu, bwera kuno!" Ndipo nthawi iliyonse mayi wake wa mwanayo, kaya akuchapa kuseri, kaya akukonza nsomba, ankasiya chimene akuchita n'kucheuka.