Tsiku Limene Atsikana a ku Misuku Anafika Pabwalo

Tinanyamuka pasukulu yathu ku Misuku kusanache bwino, ine ndi atsikana asanu ndi anayi a mpira wamanja. Ndinali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu. M'chikwama ndinali ndi kalata ya kuboma yonena mosapsatira kuti tikalepheranso kufika pabwalo la ku Chitipa nthawi ya 2 koloko, timu yathu ichotsedwa mumpikisano. Kawiri konse msewu unali utatikaniza, ndipo kubomako ankangoti anthu a kumapiri masewera sawafuna. Mawu amenewo ankandiwawa kwambiri.

Lole ya khofi inatinyamula pa 30 tambala aliyense, ife pamwamba pa matumba. Cha m'ma 8 inatitimira m'matope pachitunda china. Adalaivala anayang'ana matayala, nakhala pamwala n'kuyamba kusenda nthochi. Apo ndinadziwa kuti zathu zada.

Tusekile, kaputeni wathu, mtsikana amene m'kalasi ankayankha monong'ona, anandigwira dzanja.

"Madamu, msewu ngwa galimoto. Ise tili ndi nthowa yathu yachidule."

Chidule chakecho! Maola atatu tikutsetsereka m'minda ya khofi ndi kuwoloka timitsinje, iwo akuimba, ine ndikukhalira pansi mosafuna. Nsapato zanga zinathera m'manja. Mayi wina anatimwetsa thobwa, ndipo atamva komwe tikupita anakana ndalama.

Pa Kapoka tinafika dzuwa lili paliwombo. Anyamata a chipani anaona makadi athu a umembala, mmodzi n'kutiimitsira lole ya chimanga yopita kuboma. Titatsika pabwalo, mkulu wa masewera anali atatsegula kale cholembera kuti afufute dzina la timu yathu. Anayang'ana wotchi, nationanso ife ndi matope athu, n'kuchitseka.

Chigawo choyamba tinachita manyazi. Bwalo lathu kusukulu n'lopendekeka, moti ana anazolowera kuponya mpira chokwera phiri. Pabwalo lathyathyathyali mpira uliwonse unkadutsa pamutu pa mnzawo n'kukagwera kwa oonerera, anthu n'kumafa nazo nseko. Nthawi yopuma inakwana. Tusekile ndiye anawasonkhanitsa, nawauza m'Chisukwa kuti aziponya ngati akupatsira mnzawo amene ali kumunsi kwa munda.

Zitatero, atsikana a kuboma amene tinkasewera nawo anaona zakuda. Iwo atayamba kupuma wefuwefu, ana anga, amene anali atayenda m'mawa wonse, ndiye anali akungoyamba kumene. Tinapambana ndi zigoli zitatu, ndipo ndinalira poyera osachita manyazi.

Mkulu uja anabwera kudzafunsa kuti kaputeni ndani. Ndisanatsegule pakamwa, Tusekile anayankha yekha, mokweza, bwalo lonse likumva. Zaka ziwiri ndinkayesa kuti ana amenewa ndi amanyazi, chonsecho ndinali ndisanawaonepo pamalo pamene iwo ndiwo akudziwa chochita.

"Mwezi wamawa mukasewera ku Karonga," mkuluyo anatero. "Galimoto titumiza ife."