Mapegi Asanu a Amayi

Chaka chomwe ndinali Fomu 3 ku Chinsapo, phunziro la khungu la selo linatizunguza mitu tonse. Aphunzitsi a bayoloje ankangoti shuga salowa yekha m'selo, amalowetsedwa ndi puloteni yomwe imasintha kaimidwe kake. Kusintha bwanji? Ankajambula pabolodi chinthu chonga mbatata, ife n'kumangokopera.

Ine ndinazimvetsa pachingwe choyanikapo zovala. Amayi ankachapira banja lina ku Area 47, ndipo kumeneko anawapatsa mapegi amtengo omwe ankawasamala ngati mazira. Ndikuanula zovala tsiku lina, ndinaona kuti ukafinya pegi kumchira, kukamwa kumatseguka. Ukaisiya, kukamwa kumatsekeka, kumchira n'kutseguka. Siyasama mbali zonse nthawi imodzi. Puloteni ija ndi mmene imachitira: imalandira shuga panja, n'kutseka, n'kumulavulira mkati, kuti za m'selo zisatayike.

Ndinapempha mapegi asanu. Amayi ananyinyirika, koma anandipatsa. Ndinawasema kanjira ndi lezala kuti nyemba izidutsa, n'kuwazika m'katoni. Katoniyo ndiye khungu la selo, nyemba ndiye shuga.

Nditapita nayo kusukulu, aphunzitsi anafinya pegi imodzi, nyemba n'kugwera mbali inayo. Anafinyanso, kenako anaseka.

"Mtsikana iwe uli ndi mutu! Ichi chipita kuchionetsero cha sayansi m'tauni. Chisiye mu ofesi, chingawonongeke. Loweruka ubwere utatchena."

Amayi anasita yunifolomu yanga kawiri, n'kundibwereka nsapato zawo zakutchalitchi. Loweruka ndinapeza geti la sukulu lili lotseka.

"Chionetserotu chinali dzulo," anatero alonda. "Aphunzitsi a bayoloje anapita ndi mphwawo wa Fomu 4."

Ndinakhala pansi pa mtengo mpaka masana, nsapato zikundiluma. Kunyumba ndinapeza amayi akundidikira pakhomo.

"Anakuombera m'manja?"

"Eya, amayi."

Lolemba pa asembule mphwawoyo ananyamula katoni yanga m'mwamba, sukulu yonse ikuimba mluzu. Nditawatsatira aphunzitsiwo, sanagwe nkhope n'komwe.

"Chizungu chako n'chothyokathyoka, ukanatichititsa manyazi. Komanso chapambana ndi dzina la sukulu, si munthu."

Mtima unandiwawa, ndipo mpaka lero umandiwawa. Bwenzi atangondiuza kuti sindipita. Koma munthu wamkulu, tayi pakhosi, kutchula Loweruka akudziwa kuti ndi Lachisanu! Katoniyo anakaipachika mu ofesi ya ahedi, mapegi atawamata guluu kuti asagwe. Palibe ndi imodzi yomwe imene inatsegukanso.

Amayi sindinawauze. Mphepo ikagwetsera zovala m'fumbi poti mapegi anaperewera, ankazitola, kuzikung'untha, n'kuuza aneba monyadira kuti mapegi awo anapita m'tauni ndi mwana wawo. Anamwalira akunenabe zomwezo.