Bana Lombe Abwereketsa Dzina

M'mudzi mwathu, kuseri kwa Luwingu, munalibe munthu wamantha kuposa Bana Lombe. Ankaopa agalu, ankaopa mphezi, ankaopa ngakhale nkhuku yofungatira. Yophera alendo sankazinga okha. Ankapita nayo kwa anansi, iwo n'kuyang'ana kumbali. Tsono anthu anaseka mpaka kugwira nthiti atamva kuti achipatala asankha mayi ameneyu kuti aziperekeza amayi oyembekezera.

Sanali mzamba, ndipo ankanena okha msanga munthu asanawasokoneze. "Ine mwana sindimugwira ayi, ndimagwira mayi wake." Anali kale nachimbusa, mlangizi wa atsikana olowa m'banja, choncho pakamwa pawo panazolowera kutchula zimene ena amazengereza nazo. Mtsikana akangoima, Bana Lombe ankatulukira pakhomo pake osaitanidwa. Ankamuphunzitsa kagonedwe, kapumidwe ululu ukabwera, ndi zoti alongedzeretu m'beseni. Koma chachikulu chinali zizindikiro zoopsa: kutupa miyendo, mutu wosaleka, magazi, mwana kusiya kugunda m'mimba. Izi ankaziimba ngati nyimbo ya pachinamwali, mawu akunjenjemera, chifukwa chilichonse chimene ankatchula ankachiona m'maso mwawo. Tsiku likafika ankakhala pambali pa bedi kuchipatala, kusisita msana, kupukuta thukuta, kunyowetsa milomo ya wodwala, maso awo ali kukhoma.

Atsikana ankawakonda chifukwa cha mantha omwewo. Munthu wolimba mtima amangokuuza kuti pirira, tonse tinadutsamo. Wamantha amathamanga nawe kuchipatala.

Chaka chimene ndikunenachi, mtsikana amene ankawasowetsa tulo anali Kafula, mkazi wa Katongo. Kwawo kunali ku Mpika, kutali ndi amayi ake, ndipo mwamuna wake anali kumigodi ku Kitwe. Anali wamfupi, wa kathupi kakang'ono, mimba yoyamba. Anamwino ananena kuti mwezi wake ukayandikira akadikirire kuchipatala. Bana Lombe anapita kukapempha kwa apongozi ake a mtsikanayo, Bana Katongo, anagwada bwinobwino ndi kuomba m'manja.

"Akakhale kumeneko ngati kuhotelo?" anatero Bana Katongo. "Nanga chinangwa chili m'madzichi avuule ndani? Inu Bana Lombe, tikamakumverani tidzayamba kuthawa ndi mthunzi wathu womwe."

Bana Lombe anabwerera manja ali kumsana. Masiku amenewo analibenso mphamvu zokangana ndi munthu. Mwana wawo woyamba, Lombe, amene anthu ankawaitanira dzina lake, anali atangoikidwa m'manda. Anagwa mumtengo akudula nthambi zotenthera munda wa mawere. Mkazi wake, Mumbi, anali akadali pakhomo pawo, asanasudzulidwe.

Uthenga unawapeza masana ena m'nyengo yotentha, akuyanika chinangwa pathandala. Mayi woyandikana ndi Bana Katongo anabwera ngati wodzapempha mchere, n'kuwanong'oneza kuti Kafula matenda anamuyamba dzulo lake m'mawa, koma eni khomo akubisa.

Anakapeza chitseko chili chotseka, m'nyumba muli mdima ndi fungo la thukuta. Azimayi akuluakulu anali atakhala mozungulira mphasa. Kafula anali atasiya kulira, ndipo ichi ndicho chinawaopsa Bana Lombe kuposa zonse. Milomo inali itasweka, maso atalowa. Anamugwira pamphumi, panali moto. Anamugwira pamimba, inali gwa, yosafewa ngakhale pang'ono. Anatembenukira kwa azimayi aja.

"Tiyeni naye kuchipatala, amayi anzanga. Njinga ya odwala ilipo, anyamata alipo."

"Sachoka muno," anatero Bana Katongo. "Iyi ndi inchila. Atchule kaye."

Inchila tonse tinakula tikuimva. Mwana akakana kutuluka, akuti mmodzi mwa makolo ake anayenda njira yachibwana mimba ili m'kati, ndipo mwanayo amadikira kuti dzina la wakubayo limveke. Katongo anali atafunsidwa kale pafoni, ndipo analumbira pali Mulungu. Amuna sachedwa kulumbira, makamaka akakhala ku Kitwe. Tsono mlandu wonse unatsalira amene anagona pamphasa.

"Tchula, mwana iwe, usatiphere mdzukulu. Ndani?"

"Palibe, amayi."

"Palibe bwanji? Ife tinabereka ngati kuthira madzi. Iwe wasiyana nafe pati?"

"Palibe."

Bana Lombe anayesa zonse zimene anaphunzira. Anati mutu wa mwana wakula, njira yachepa. Anati mimba ikaphulikira m'kati palibenso dzina limene lingathandize. Anagwira Bana Katongo miyendo. Bana Katongo sanali mfiti ayi, nawonso maso anali ofiira ndi kusagona, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akupulumutsa mdzukulu wawo. Munthu woipa ungamunyengerere, koma wotsimikiza ndiye wovuta.

"Akatuluka muno asanatchule, akafera panjira," anatero Bana Katongo. "Ndipo palibe mnyamata amene agwire njingayo ine ndisanalole."

Zinali zoona, palibe akanaigwira. Bana Lombe anayang'ana kuwala kumene kunkalowa pansi pa chitseko, anaona kuti kwayamba kupendeka. Anadziwa kuti mtsikana ameneyu, amene anamuphunzitsa okha kuti asaope chifukwa iwo adzakhalapo, afera m'manja mwawo dzuwa lisanalowe.

Anatenga kansalu, anawerama ngati akumupukuta nkhope, pakamwa pali pakhutu lake.

"Kafula, mwanangu, tchula dzina lililonse."

"Sindinachite, mayo," anatero, kuwatcha amayi monga timanenera kwathu.

"Ndikudziwa. Tchula basi, tizipita."

"Nditchule ndani? Akamumenya munthu wosalakwa."

Bana Lombe anayenda m'mutu mwawo mudzi wonse, khomo ndi khomo. Mwamuna aliyense anali ndi mkazi, ana, ndi pakamwa pokanira. Akanamuitana, akanakana, mkangano ukanadya masana onse mtsikana akutha. Pankafunika mwamuna amene anali moyo mimba ili yaing'ono, koma amene lero sangakane. Anali naye mmodzi yekha. Anamunong'onezanso.

"Nena kuti Lombe."

Kafula anatsegula maso. "Lombe wanu, mayo?"

"Wakufa samenyedwa. Nena."

Ululu unabweranso, ndipo dzinalo linatuluka nawo limodzi, mokuwa, moti ndi amene anali panja analimva. Kenako Bana Katongo anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ndiye n'chifukwa chake mumalimbikira zachipatala, eti? Mumafuna akatchulire kutali, tisamve za mwana wanu."

Bana Lombe anaweramitsa mutu, sanayankhe. Anaopa kuti akatsegula pakamwa chilungamo chituluka, chitseko n'kutsekedwanso. Mayi wina anamwetsa Kafula madzi a mizu, wina anachotsa mpini umene unatchinga chitseko, ndipo Bana Katongo anaitana anyamata okha.

Njira yonse Bana Lombe ankathamanga pambali pa njinga atagwira phazi la Kafula, akulifinya kuti amve ngati likadali lofunda. Ankamufunsa zopanda pake, dzina la amayi ake, mtundu wa nsalu imene anagulira mwana, kuti angomva mawu. Akachedwa kuyankha, iwo ankakuwa. Pachipatala chathu chaching'ono namwino anangomuona kamodzi n'kuitana galimoto ya kuboma. Kuboma anathamanga naye kuchipinda cha opaleshoni, chitseko n'kutsekedwa. Kumeneko kunalibe msana woti asisite. Anakhala pansi pakhonde akunjenjemera, mpaka mayi wina wodikirira wodwala wake anawafunditsa chitenje poganiza kuti ali ndi malungo.

Kafula anachira. Mwana anali wamkazi, wofooka, koma analira. Dokotala anati akanachedwa pang'ono akanataya onse awiri.

Atatsitsimuka, Kafula anawagwira Bana Lombe dzanja. "Ndikatuluka muno ndikawauza zoona, mayo."

"Yamba wachira. Yamwitsa mwana."

Anakhala naye mpaka amayi ake atafika kuchokera ku Mpika, kenako anabwerera kumudzi. Mbiri inali itawatsogolera kale. Pachitsime amayi anasiya kucheza atawaona, moni anawapatsa wa m'mphuno. Panali ena amene ankanena kale kuti mtengo uja sunamugwetse pachabe Lombe. Zimenezi zinawalasa, koma si zimene ankaopa. Ankaopa pakhomo pawo.

Anamupeza Mumbi atakhala pakhonde akusenda chinangwa, mpango wakuda uli kumutu. Anawalandira katundu, anawapatsa madzi akumwa atagwada, monga mwa masiku onse, koma sanawayang'ane kumaso. Bana Lombe sanadikire kuti mtima ukhale pansi, chifukwa sukanakhala. Anamuuza zonse: za mimba yolimba, za chitseko, za kunong'ona kuja, ndi kuti dzinalo linachokera pakamwa pawo. Analumbira kuti Lombe ndi Kafula sanapatsanepo ngakhale moni wa pawiri.

Mumbi anamvetsera mpaka kumapeto, mpeni uli m'manja.

"Ndakumvani, mayo. Kafula ali moyo?"

"Ali moyo."

"Mwana?"

"Nayenso ali moyo."

"Asanatchule anali kufa. Atatchula, wachira."

"Wachira ndi mpeni wa dokotala, mwanangu. Dzinalo linangotsegula chitseko."

"Mwina," anatero Mumbi. "Ndikufuna ndikukhulupirireni. Usiku uliwonse ndimayesa kudziuza kuti ndi bodza. Koma inu ndinu amayi ake, mukhoza kumuikira kumbuyo. Kafula ali ndi banja loti ateteze, naye akhoza kukana." Anaika mpeni pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba anawayang'ana m'maso. Sanali wokwiya, anali ndi mantha ngati awo omwe. "Munthu mmodzi yekha akanandiyang'ana n'kundiuza kuti Mumbi, ndi bodza, ine n'kugona. Ameneyo munamusankha chifukwa sangalankhule."

Kuboma kunali mtsikana wamoyo akuyamwitsa, ndipo Bana Lombe akanati abwerere m'nyumba muja akananenanso dzina lomwelo. Anakhala pansi pafupi ndi mpongozi wawo, anatambasula dzanja kuti amusisite msana, monga ankachitira ndi ana a eni. Mumbi anasuntha pang'ono, dzanjalo linatsala m'malere.