Galu samwalira

Kagaluko kanabwera m'nyengo yotentha, nthawi imene ku Machinjiri kumauma mpaka nkhuku zimayenda zitayasamula kukamwa. Ndinakapeza m'mawa wina kuseli kwa nyumba, katadzipinda pansi pa khola lomwe linakhala lopanda nkhuku chimwalirireni mkazi wanga. Kanali kofiirira, nthiti zonse poyera, makutu odzaza nkhupakupa. Ndinakapirikitsa ndi tsache ndipo kanathawira m'munda wa nandolo wa aneba. Pobwera kuntchito madzulo ndinakapeza pomwe paja, kakundiyang'ana ngati ine ndiye ndachedwa kufika pakhomo pake.

Ine si munthu wa agalu. Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo ku Chirimba, mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo mtima wanga anthu amati unatengera ntchito. Mwina akunena zoona. Mkazi wanga atamwalira dzinja lapitalo, sindinalire. Ndinali pakalapakala kufuna bokosi, galimoto, nkhuni, malo ogona alendo ochokera kumudzi. Azibambo anzanga ankandigwira paphewa n'kumati ndine mwamuna wolimba mtima, ine n'kumagwedeza mutu ngati akundiyamikira geti lowongoka. Ndinkati ndilira anthu akabalalika. Anthu atabalalika misozi inakana.

Amene anaziona zonsezi ndi mwana wathu wamkazi, m'modzi yekhayo, yemwe anakwatiwa ku Bangwe. Tsiku logawa zovala za mayi ake ndinkatulutsa madiresi m'sutikesi limodzilimodzi, n'kumapatsira alamu anga osanena kanthu. Iye anandiyang'ana maso ali psuu, n'kunena kuti ndikugawa zovala za amayi ake ngati munthu wogulitsa kaunjika. Kuyambira tsiku limenelo mafoni athu anafupika. Mwadzuka bwanji, ndadzuka bwino, ana ali bwanji, ali bwino, basi. Ndinkadziwa kuti mumtima mwake anali ataweruza kale kuti mayi ake sindinkawakonda, ndipo zinkandipweteka kuposa mmene ndinganenere. Chimene sankadziwa n'chakuti chitenje chimodzi sichinafike pagulu paja. Chinali chobiriwira, chokhala ndi chibowo chomwe moto wa pambaula unaboola, ndipo ndinachibisa kunsi kwa matiresi ngati wakuba m'nyumba mwanga momwe.

Kagalu kaja ndinayamba kukaponyera mkute ndi mitu ya bonya, ndikudziuza kuti ndikungotaya zotsala. Mayi a nyumba yoyandikana ndi yanga, omwe palibe chimawadutsa pamudzipo, anandiuza kuti ndikapatse dzina. Ndinakana. Kwathu kuno dzina la galu nthawi zambiri limakhala mawu oponyera munthu amene wakulakwira, kuti ukamaitana galuyo uthenga uzifika kuseli kwa mpanda. Ine ndinalibe woti ndimuponyere mawu. Ndinkangokaitana kuti iwe, ndipo kankabwera.

Ndikatsika minibasi n'kuyamba kukwera kamtunda ka kwathu, kankandichingamira pamjigo, kamchira kakugwedezeka mpaka thupi lonse kupotoka. Ndinayamba kukalankhula. Ndinkakauza za magetsi amene athima tsiku lonse, za kasitomala wofuna geti la mawa lero lomwe, zinthu zomwe kale ndinkauza mkazi wanga akusenda mbatata pakhonde. Kankamvetsera bwino kuposa iye, kunena zoona, chifukwa iye sankachedwa kundiuza kuti wolakwa ndine.

Mvula itayamba kanadwala. Kanasiya kudya, kenako kusanza, kenako kutsegula m'mimba mwa magazi. Mayi oyandikana aja anati ndisinje makala ndikamwetse ndi madzi. Ndinatero, ndi supuni, koma madziwo ankangotsika m'mbali mwa kamwa. Fungo lake linandibwezera kuwodi komwe mkazi wanga anagona masiku ake otsiriza, ndipo ndinadzipeza ndikunena mawu omwe aja ndinkanena kumeneko, akuti tamezako pang'ono chabe. Pansi pa khola paja panali patanyowa. Ndinalowa kuchipinda, n'kutukula matiresi, n'kutenga chitenje chija. Ndinachiyala pakona ya khitchini n'kukagoneka pamenepo.

Kanatha Loweruka m'mawa, ine nditakhala pampando pambali pake. Kanapuma mofulumira, kenako motalikitsa, kenako kanadikira mpweya wina womwe sunabwere. Mapumidwe amenewo ndinali nditawaonapo kale. Chimene chinandiopsa n'chakuti panalibe kusiyana ngakhale pang'ono. Mkazi amene ndinakhala naye moyo wanga wonse wauchikulire ndi kagalu kopanda dzina anachoka mofanana, ndipo ine ndidzachoka chimodzimodzi, mwina pampando womwewo, popanda wondimwetsa madzi ndi supuni. Ife anthu timati munthu wamwalira, watisiya, watsogola, pomwe nyama timangoti yafa. Ndinaona m'mawa umenewo kuti mawu okongolawo ndi athu chabe otsala, imfayo siwadziwa.

Ndinakakulunga m'chitenjemo n'kutenga khasu. Ndikukumba pansi pa mtengo wa mapeyala, mayi oyandikana aja anasuzumira pampanda n'kufunsa chomwe ndikudzala. Nditawauza, anagwira pakamwa. Anati galu wakufa amatayidwa kudambo kapena m'chimbudzi chakale, ndipo kukumba manda pakhomo ndi malodza, ndikuitana maliro. Ndinawayankha mwaukali kuti maliro pakhomo pano anafika kale popanda wowaitana. Anachoka pampandapo, ndipo ndinamva chisoni chifukwa sanandilakwire.

Dzenje litatha, ndinalephera kukaikamo. Ndinakhala pamulu wa dothi, n'kutulutsa foni, n'kuimbira mwana wanga. Ndinali nditamuuzapo kamodzi za kagaluko, iye n'kungoti chabwino.

"Kagalu kaja kamwalira," ndinatero.

Anayankha ndi mawu ouma. "Galu samwalira, bambo. Amafa."

Ndinafuna kuvomera kuti wanena zoona, koma chimene chinatuluka pakhosi panga sichinali mawu. Ndinalira ngati mwana, foni ili pakhutu, mamina ndi misozi zikutsikira pamalaya antchito. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Nditayang'ana foni ndinapeza kuti wadula, ndipo ndinati basi, ndamutaya. Munthu amene sanalire mkazi wake akulira galu, angamukhululukire ndani?

Mwana wanga anafika dzuwa litapendeka, atakwera maminibasi awiri, nsapato zili matope okhaokha. Anandipeza ndili pomwe paja. Sanandipatse moni. Nkhope yake inali ya munthu amene wakonza mawu njira yonse, ndipo ndinaweramitsa mutu kuti ndiwalandire. Koma maso ake anagwera pa kamtolo kaja. Anagwada, n'kugwira nsonga ya chitenje, n'kulowetsa chala m'chibowo chamoto chija.

"Ichi si cha amayi? Ndinkayesa munagawa zonse."

"Ichi chokha ndinalephera," ndinatero.

Anakhala pansi m'matopemo, pambali panga. Tinalira tonse awiri, ndipo palibe amene ankalira galu. Patapita nthawi anapukuta maso ndi kuseli kwa dzanja, n'kufunsa ngati ndikufunadi kukwirira chitenjecho. Ndinati sindikudziwa. Anavula chake chimene anamanga m'chiuno, n'kukulungamo kagaluko mosamala, n'kukatsitsira m'dzenje ndi manja ake. Cha amayi ake anachikutumula, n'kuchipinda kanayi, n'kuchiika pamiyendo panga.

"Kwirirani, bambo," anatero. "Wamwalirayu tisamusiye pamvula."