Mzere wa Odwala Unatha

Mtsikana wina atalephera mayeso kachitatu, abale ake anamupatsa dzina loti Abwereza. Ntchito yokhayo imene anapeza inali yokolopa pa kiliniki.

Tsiku lina mayi ake anabwera kudzalandira mankhwala a shuga. Anaima pamzere kuyambira m'mawa, ndipo dzuwa litafika paliwombo anakomoka mwana wawo akuona, mopu ili m'manja. Abwereza analira mobisa m'chipinda chosungira ndowa.

"Anesi, anthu atamasungitsa malo pafoni, mzerewu sungathe?" anafunsa Abwereza m'mawa mwake.

"Ungathe, achemwali. Koma apange ndani?"

Akaweruka masana, Abwereza ankathamangira ku laibulale, komwe aliyense ankaloledwa ola limodzi pa kompyuta. Kumeneko anawerenga za fulemuweki, chimango chopangidwa kale chimene opanga mapulogalamu a pa intaneti amamangirapo awo. Anaiika pa kompyutapo, n'kulemba mizere isanu ndi itatu monga malangizo ankanenera. Sikirini inadzaza mawu ofiira okhaokha.

Anatola chikwama kuti azipita.

"Mukuthawa musanamve mlandu?" anaseka bambo oyang'anira laibulale. "Zofiirazo si chipongwe. Zikukuuzani pamene pakupweteka."

Anakhalanso pansi n'kuwerenga pang'onopang'ono. Vuto linali chilembo chimodzi. Atakonza, panatuluka tsamba loyera lokhala ndi mawu awiri: "Moni, odwala." Anakuwa mpaka laibulale yonse inacheuka.

Kunyumba alamu ake ankamuseka. "Alamu, samalani, mungaikolope kompyuta ya eni!"

Iye ankaseka nawo, mawa lake n'kupitanso. Mwezi woyamba anaphunzira kupanga fomu. Kusunga mayina kunamudyera miyezi itatu. Tsiku loyesa, pulogalamuyo inapatsa odwala asanu ndi anayi nthawi imodzimodzi, ndipo anesi anagwira pakamwa. Abwereza anapepesa kwa aliyense, n'kupempha sabata imodzi yokha.

Sabata itatha, zinatheka. Foni ya mayi ake inalira: "Bwerani nthawi ya 10 koloko." Anafika, anakhala pabenchi mphindi khumi, anaitanidwa.

"Kodi ndiwe wanditumizira uthengawu?" anafunsa, akupukuta maso ndi nsonga ya mpango.

Lero makiliniki anayi akugwiritsa ntchito pulogalamuyo, ndipo amene amaisamalira ndi Abwereza.

Inu amene mwakhala mukufuna kuyamba koma mukudziona operewera, dziwani kuti palibe anabadwa akudziwa. Yambani ndi tsamba limodzi lero. Likakana, mawa mukaliyesenso. Osataya mtima.